Aphunzitsi Tembo ndi Mwala Umene Unaboola Denga

Aphunzitsi Tembo tinawaika m'manda Loweruka lapitali, ndipo amene analankhula nthawi yaitali kuposa onse pa maliropo anali Misheki Daka. Anabwera pa galimoto yoyera ya kampani yophwanya miyala, atavala suti yakuda, nayamba kuuza anthu kuti zonse zimene iye ali nazo lero anazilandira m'manja mwa malemuwo. Anati anali bambo ake achiwiri. Atafika pamenepo anagwetsa misozi, amayi ena n'kuyamba kulira naye limodzi. Ine ndinali pamphasa pambali pa mkulu wanga Esinati, amene mwendo wake wamanzere supindika. Esinati anandikodola n'kunena chapansipansi kuti, "Nipase ndodo yanga, nifuna kuchoka pano." Tinachoka Misheki asanamalize.

Zimene zinanenedwa pa maliro aja sizinali zabodza zonse. Koma panali nkhani imodzi imene aliyense anailambalala, ndipo ndi imene yandichititsa kulemba.

A Tembo anachokera ku Katete ali mnyamata, atatumizidwa kudzaphunzitsa sayansi pasukulu ya m'mudzi mwathu, kumbali ya msewu wafumbi wochokera ku Kasisi. Sanabwererenso kwawo. Anali munthu wamfupi, wa makutu aakulu, ndipo thumba la malaya awo linali loyera nthawi zonse chifukwa cha tizidutswa ta choko. Ana asukulu tinkawatchula kuti Fotefaifi. Dzinali analidziwa, ndipo sankakwiya nalo, chifukwa amati mwina ndi nambala yokhayo imene ena a ife tidzatuluke nayo m'sukulu.

Dzinalo linachokera kudimba la sukulu. Amatitengera kumeneko, n'kugwira paipi yothirira ndiwo, n'kutiuza kuti tiyang'ane pamene madzi akugwera. Akaigoneka kwambiri, madzi amagwera pafupi. Akaiimika kwambiri, madzi amakwera m'mwamba n'kutigwera pamutu, ife n'kumakuwa. Akaiika pakatikati, osagona osaima, madzi amakafika pa bedi lakumapeto la repu. Pakatikati pamenepo ndiye pa madigiri fotefaifi, ndipo amati aliyense wofuna kuponya chinthu patali ayambire pomwepo. Chifukwa cha nkhani yomweyi anakangana chaka chonse ndi a Zulu, mphunzitsi wa masewera, amene ankauza goloboyi wathu kuti azimenya mpira m'mwamba kwambiri. A Tembo amaima kuseri kwa golo n'kumamuuza mwanayo zosiyana. Tsiku lina a Zulu anawalanda njinga n'kuibisa m'chimbudzi kuti asafike ku bwalo. Anafika wapansi.

Sankatha kudutsa pamene chinthu chikuponyedwa. Anthu akamaponyera chimanga m'nkhokwe, kapena omanga nyumba akamaponyerana njerwa, a Tembo amatsika njinga n'kuima, mutu uli chopendekeka, maso akutsatira chinthucho mpaka chitagwa. Amakonda kunena kuti chilichonse chikachoka m'dzanja chimayenda maulendo awiri nthawi imodzi, wopita kutsogolo ndi wopita pansi, ndipo maulendo awiriwa sadziwana. Wakutsogolo umatsata mphamvu ya woponya. Wapansi mwini wake ndi dziko, limene limakoka chilichonse mofanana, kaya n'cholemera kaya n'chopepuka, kaya chaponyedwa ndi bwana kaya ndi wantchito. Pofuna kutitsimikizira, amaika zitsekerero ziwiri za botolo m'mphepete mwa tebulo, n'kutiuza kuti titsinzine. Amazimenya ndi rula kuti china chingogwa pomwepo, china chiuluke mpaka kukhomo. Kenako amafunsa kuti tamva kugwa kangati. Tinkamva kamodzi.

Mkazi wawo, a Naphiri, anavutika nazo kwambiri zimenezi. Tsiku lina a Tembo anatenga dzungu lalikulu limene mayiwo ankasungira mbewu, anakwera nalo pa thanki ya madzi ya sukulu pamodzi ndi ndimu, n'kuzigwetsa limodzi ife tikuona. Zinafika pansi nthawi imodzi. Tisanamalize kuomba m'manja, a Naphiri anatulukira.

"Atate ake Rute, mwaniphwanyira dzungu kuti muonetse ana kuti vinthu vimagwa pansi? Sanali kudziwa kale?"

"Anali kudziwa kuti vimagwa," anayankha a Tembo ali pamwamba pomwepo, "koma sanali kudziwa kuti vimagwa bwanji."

Anadya ndiwo zopanda mchere masiku atatu.

Sindinena kuti anali munthu wofewa. Amapotokola makutu. Munthu akalakwitsa nambala, kaya ndi mwana kaya ndi mkulu wa mpingo, amamukonza pomwepo pamaso pa anthu. Kuyamikira sankakudziwa, ukakhoza zonse amangokubwezera kope osakuyang'ana. Munthu mmodzi yekha ndi amene ndinawamvapo akumutama, ndiye Misheki Daka. Misheki tinali naye kalasi imodzi. Makolo ake atamwalira, a Tembo anamutenga kukakhala kwawo mpaka anamaliza sukulu, ndipo tsiku limene anapita ku Lusaka kukaphunzira za migodi, iwo anamunyamulira thumba mpaka pa siteji ya minibasi ku Chongwe. Pobwera amauza aliyense wokumana naye kuti mwana uja amaona njira ya mwala usanaponyedwe.

Kampani yophwanya miyala inabwera iwo atapuma kale ntchito. Nyumba zinali zikumangidwa tsiku lililonse ku Silverest, kumbali ya msewu wopita ku Lusaka, ndipo malole ankafuna miyala. Anatchinga waya kuzungulira phiri la kuseri kwa mudzi, n'kuyamba kuliphulitsa kawiri kapena katatu pa sabata. Asanaphulitse amaliza sayirini. Poyamba tinkathawira m'nyumba, kenako tinazolowera. Misheki anabwerera kwathu monga injiniya woyang'anira kuphulitsako, ndipo a Tembo ananyadira ngati phirilo ndi lawo.

Linali Lachinayi, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili pamutu. Esinati anali pakhomo pa nyumba yake akusenda mtedza. Anamva kuphulika monga mwa masiku onse. Anaimirira, anatola lichero, analowa m'nyumba, analiika patebulo. Pamenepo denga linang'ambika. Mwala waukulu ngati mutu wa mbuzi unaboola malata, unamuphwanya ntchafu, n'kukakumba simenti ya pansi. Ine ndimagulitsa tomato pamsika wa Chongwe; pamene uthenga umandipeza n'kuti atapita naye kale ku chipatala ku Lusaka.

Akampani anabwera mawa lake, anayang'anayang'ana, n'kunena kuti miyala yawo sidumpha waya. Anati mwalawo ndi umodzi mwa miyala imene anthu amatsindikira malata kuti asauluke ndi mphepo, ndipo malata odzimbirira anangolephera kuunyamula. Padenga la Esinati panalidi miyala yotero. Ambiri anagwedeza mutu kuvomereza.

A Tembo anafika akampaniwo atangochoka. Anandipempha makwerero ndi chingwe. Anakwera okha, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, anamangirira chingwe pa bowo la malata, n'kundiuza kuti ndimangirire kamwala kumapeto kwake. Chingwecho chinalendewera n'kuloza pansi pamene panali posalala, popanda ngakhale mng'alu. Dzenje la m'simenti linali mapazi awiri kuchokera pamenepo. Atatsika anakoka chingwe chija kuchokera pabowo mpaka m'dzenjemo, chinapendekeka, ndipo anagwada n'kuyang'ana motsatira chingwecho ngati munthu wolozetsa mfuti. Anandiuza kuti nanenso ndigwade ndione. Kupyola pabowo la denga ndinaona thambo la pamwamba pa phiri. Anansi ena amene anabwera kudzaonerera anagwadanso n'kuona.

"Mwala wokhala padenga ukagwa umatsika njo," anatero. "Uyu unabwera chammbali. Unachokera uko." Mwalawo anautenga n'kukausunga kwawo.

Loweruka tinapita nawo kuchipatala. Ndinaganiza kuti akukazonda wodwala, koma atangofika pabedi, asanafunse n'komwe za mwendo, anati, "Esinati, unamva kuphulika. Unachita chani pambuyo pake? Niuze chimodzichimodzi." Esinati anatukwana, n'kutembenukira kukhoma. Iwo anakhala pampando osasuntha mpaka Esinati anawauza. Titabwerera kumudzi anandichititsa zomwezo kasanu: kukhala pakhomo, kuimirira, kutola lichero, kulowa, kuliika patebulo, iwo atagwira wotchi. Nthawi zonse zimatenga masekondi asanu ndi atatu, kapena kupitirira pang'ono. Kenako anayenda wapansi kuchokera pakhomopo mpaka pa waya wa kampani akuwerenga mapazi, anayerekeza kamtunda kotsala kukafika pamene anaphulitsa, n'kukhala pansi pa mtengo ndi kope la ana asukulu. Anandifotokozera kuti mwala woti uuluke mtunda umenewo uyenera kukhala m'mwamba nthawi yakutiyakuti, ndipo ukachotsapo kanthawi kamene phokoso limatenga kuti lifike m'khutu, zotsalazo ndi masekondi omwe aja a lichero. Sindinamvetse masamu onse. Ndinamvetsa kuti chingwe, mapazi ndi wotchi zinali kunena chinthu chimodzi.

Ndinawauza kuti tipite nazo kupolisi kapena ku boma. Anakana. Anati pali munthu mmodzi amene adzaona zimenezi kamodzi n'kumvetsa, ndipo si bwino kumuchititsa manyazi asanamve.

Misheki anabwera Lamlungu masana. Ine ndinalipo, ndinali kuthandiza a Naphiri kutsuka mbale pambali pa khonde. Anawerenga kope lija mwakachetechete, anatenga pensulo, anawerengera yekha pambali. Atamaliza anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Ba Ticha, palibe chamene mwalakwitsa. Tsiku lija tinadzaza wonga wambiri m'dzenje limodzi, ndipo sitinaphimbe pamwamba. Tinali kuthamangira malole."

"Uzakamba zamene izi pa msonkhano?"

"Nizakamba. Nipaseni kope na mwala, nikaonetse mabwana. Akaona okha sazakana."

A Tembo anamupatsa. Analibe kope lina. Anamunyamulira mwalawo mpaka m'galimoto, ndipo galimotoyo itapita anatembenukira kwa ine nkhope ili ngwee. "Waona? Uja ni mwana wanga."

Msonkhano unaitanidwa patapita masabata atatu. M'masabata amenewo zinthu zinayenda mofulumira kuposa kale lonse m'mudzi mwathu. Alamu anga a Mwale, amuna a Esinati, amene anakhala zaka zambiri osagwira ntchito, analembedwa ulonda pa geti ya kampani. Amisiri anabwera ndi malata atsopano, anachotsa denga lonse lakale n'kupita nalo, anathira simenti yatsopano pansi. Kunamveka kuti kampani ikumba mjigo pafupi ndi tchalitchi, ndiponso kuti anyamata khumi alembedwa ntchito yopakira. Esinati anali akadali m'chipatala, mwendo utakolekedwa ku chitsulo. Palibe anamufunsa kanthu.

Tinasonkhana m'kalasi momwe a Tembo anaphunzitsamo zaka makumi atatu. Kutsogolo kunakhala anthu awiri ochokera ku boma, mabwana awiri a kampani, ndi Misheki. A Tembo atapatsidwa mpata anatulutsa choko m'thumba, anajambula phiri, nyumba, ndi mzere wokhota ngati uta wochokera paphiri kukagwera padenga. Anafotokoza za chingwe, za mapazi, za lichero, pang'onopang'ono monga ankachitira ndi ife. Atamaliza, mmodzi wa a boma aja anafunsa ngati injiniya wa kampani ali ndi mawu.

Misheki anaimirira. "Ba Tembo ananiphunzitsa, ndipo nimawalemekeza maningi," anatero. "Koma aya ni masamu ya ana a sukulu. Pa bolodi mwala umayenda bwino chifukwa pa bolodi palibe mphepo. Kunja mwala umalimbana na mpweya, umataya liwiro. Mwala wa pa ntchito yathu sungafike pa nyumba ija."

A Tembo anamuyang'ana ngati sanamve bwino. "Misheki, kope lija lili kuti?"

"Sinikumbuka za kope, ba Ticha."

"Na mwala?"

Misheki anayang'ana mapepala a patebulo.

"Misheki, niyang'ane."

Sanawayang'ane. Wa boma uja anati ndi bwino apite akaone okha bowo la padenga. Alamu anga anaimirira n'kunena kuti denga lija linali lowola kale, analichotsa, ndipo iwo ngati mwini nyumba alibe mlandu ndi munthu. A Tembo anatembenukira kwa anthu. M'kalasimo munali amuna ndi akazi amene iwo anawaphunzitsa kugwira pensulo, ena mwa iwo anagwada nafe n'kuyang'ana motsatira chingwe chija. Anafunsa kuti amene anaona aimike dzanja. Anthu anayang'ana pansi, ena pawindo.

Ine ndinaimirira. Ndinanena kuti ndinamva ndi makutu anga Misheki akuvomera pakhonde la a Tembo. Bwana wina wa kampani anafunsa kuti ndine yani, ndipo atauzidwa kuti ndine mng'ono wa wovulalayo anangomwetulira n'kulemba kanthu. Alamu anandikalipira kuti ndikhale pansi, nkhani ya m'nyumba mwawo isandikhudze. Panamveka kuseka kumbuyo.

A Tembo anafufuta bolodi ndi mkono wa malaya awo mpaka linayera. Anaika choko patebulo pamaso pa Misheki, n'kutuluka. Njinga anaiiwala pa mtengo. Anaipititsa kwawo ndi a Zulu, amene anali atakalamba nawonso, akuikankha wapansi.

Patapita miyezi ndinawafunsa ngati zimene Misheki ananena za mpweya zinali zoona. Anati zinali zoona ndithu, ndipo anamuphunzitsa ndi iwo omwe. Mpweya umabweza mwala, koma mwala wolemera chotero umaubweza pang'ono. Chimene zimenezi zimatanthauza n'chakuti mwalawo unachoka paphiri ndi liwiro loposa limene iwo analemba, basi. Misheki anadziwa zimenezo. Ananena theka loyamba n'kumeza lachiwiri. A Tembo anati munthu wosadziwa akanama amamukhululukira, chifukwa amanama ndi zake. Koma uyu ananama ndi zimene iwo anamupatsa. Aka kanali komaliza kuwamva akukamba za iye. Dzina lake sanalitchulenso. Misheki amatumiza matumba a ufa pa Khirisimasi, ndipo a Naphiri amauza dalaivala kuti abwerere nawo asanawatsitse.

Ulendo womaliza kuwaona ali moyo unali mwezi wa Juni chaka chino. Anali atawonda, chifuwa chikuwavuta. Ana anali kusewera mpira wa mapepala pamsewu patsogolo pa nyumba, mpira unauluka n'kudutsa pamwamba pa mpanda wawo, ndipo iwo sanatukule n'komwe mutu. Anandifunsa za mwendo wa Esinati. Ndinawauza kuti ukamazizira umamupweteka mpaka kulira. Kenako anati anayenera kundimvera za kupolisi, kulakwa kunali kwawo. M'moyo wanga wonse sindinawamvepo akunena kuti alakwa.

Pali chinthu china chimene anachita msonkhano uja utapita. Mvula itatha anatenga khasu ndi piki n'kuyamba kukumba kuseri kwa nyumba yawo. Anakumba miyezi iwiri okha, dzenje loti munthu wamkulu n'kuimiriramo, lokhala ndi masitepe a dothi. Pamwamba anayala mitengo ikuluikulu ya muwanga, yothithikana, n'kuikwirira ndi dothi lokwana mkono. M'kati anaikamo mabenchi awiri. Anthu anati nkhalamba yapenga, ikudzikumbira manda. Koma sayirini ikalira, amayi omwe aja amene anayang'ana pansi m'kalasi amathamangitsira ana awo kwa a Tembo. Ngakhale ana a alamu anga amapita. Iwo amaima pa masitepe n'kumawalowetsa mmodzimmodzi, osafunsa kuti ndi mwana wa yani, ndipo amalowa pomalizira. Makolowo sanabwerepo kudzanena kanthu. Amangotumiza ana.

Lolemba maliro atatha ndinapita kukabweza mbale za a Naphiri. Ndinawapeza atagona, ndiye ndinazungulira kuseri kuti ndiziike pa thandala. Dzenje lija linali pululu. Pamaliro panabwera anthu ambiri, nkhuni zinatha Lachisanu, ndipo anyamata ophika anafukula dothi n'kuzula mitengo ya muwanga ija, chifukwa ndi youma ndiponso imayaka nthawi yaitali. Anasiya umodzi wokha umene unawakanika, uli chopingasa pakamwa pa dzenje. Dothi la pamwamba linagwera m'kati n'kukwirira benchi limodzi. Linalo likuonekabe, ndipo pansi pake pali kasilipasi kamodzi ka mwana, kofiira. M'makoma mukuoneka mikwingwirima ya piki, yaifupiifupi, ya munthu amene mphamvu zinali zikumuthera. Ndinatsika masitepe n'kuima pansi pake. Ndinayang'ana m'mwamba, ndipo pamene panali denga panali thambo lokhalokha.